Mbasela ya bana Chanda

Zaka zomwe ndinayamba kugulitsa kapenta muno mu Chawama, inu atsikana musanabadwe, munthu unkapita wekha ku Siavonga kukagula tinsombato, ndalama utazimanga m'chiuno, ndipo m'basi sunkagona tulo, dzanja lili pa mfundo ya chitenje mpaka kukafika. Lero mumangodina foni, mwalipira, ndipo thumba limakupezani mutakhala pansi. Sendezani kuno mabenchiwo, mvulayi sikata msanga, makasitomala sabwera.

Masiku amenewo sikelo kunalibe. Tinkayeza ndi kachitini, ndipo ukathira kapenta m'pepala unkatapanso dzanja limodzi n'kuwonjezera. Imeneyo ndiyo mbasela, ndipo wogula sankapempha, ankangosiya pepala lotsegula n'kumayang'ana kumbali ngati sakudziwa kanthu.

Koma maondo anayamba kundivuta, malonda nawo anayamba kutsika, thumba likutha koma phindu osaoneka. Mwana wanga Tisa, uja amagwira ntchito mu holoselo ku Kamwala, anabwera ndi sikelo ya mabatire ndi foni yaikulu yolembamo katundu yense, wolowa ndi wotuluka. Anakhala nane mwezi, kenako anandionetsa pa foniyo.

"Amama, onani. Thumba isila msanga chifukwa cha mbasela yanu. Manje mbasela yasila, tizapima chabe."

Ndinavomera kuti mbasela ithe, tizingoyeza pa sikelo, poti mwanayo sankanama.

Ndiye kunabwera bana Chanda, ndiye kuti amake a Chanda, mayi wa Chibemba wophika m'kalesitilanti paja pokwerera mabasi, amene anayamba kugula kwa ine Chanda wakeyo ali kumsana, ndipo lero Chanda ndi bambo wa ndevu. Ndinamuyezera pa sikelo, nambala inakwana ndendende, analipira pa foni, ndipo anaima pepala lili lotsegula, maso kumbali. Dzanja langa linafuna kupita m'thumba lokha, koma ndinaligwira. Anadikira, anadikira, kenako anamanga pepala lake bwinobwino.

"Zikomo, ba Nyirenda," anatero, n'kupita.

Munthu amene ankanditcha mlongo wake, tsiku limenelo ananditchula dzina ngati wa ku ofesi. M'mawa mwake ndinamuona akugula pa tebulo la tsidya lija, ndipo anzake ophika anamutsatira mmodzimmodzi. Mtima unandipweteka, sindikubisirani, ndipo ndinaona kuti tebulo limene linalera ana anga likupita.

Anzanga a msinkhu wanga anati, taya chifonicho, bwerera ku chitini. Koma ine kutaya ayi. Foniyo inandichotsera ulendo wa ku Siavonga, inandichotsera mantha a akuba, ndipo inandionetsa kuti nyemba zoyera zimangokhala mpaka kufumbwa pamene ine ndinkaziodabe mwa chizolowezi. Chinthu chotere ungachitaye chifukwa chakuti sichidziwa ulemu? Ndinagula magalasi, ndinamukhazika Tisa pansi, ndinati undiphunzitse kudina ndekha, ndipo ngakhale zala zangazi zinkadina ziwiriziwiri, iye n'kumaseka, sindinadzuke mpaka nditadziwa polembera katundu watsopano.

Pamenepo ndinati, "Lemba apa: mbasela."

"Amama, mbasela si katundu. Ilibe mtengo."

"Mtengo ulipo, ndauona tsidya lija. Lemba."

Kuyambira pamenepo thumba likafika, ndimayamba ndatapa beseni laling'ono ili mukulionali, ndimaliyeza, ndimalilemba m'foni, ndipo mbasela yonse imachokera m'menemo. Likatha latha. Kale ndinkangomwaza kwa aliyense wodutsa, ngakhale wobwera kamodzi, koma lero ndimadziwa amene dzanja langa likumutapira, ndipo thumba limabweza zake. Tisa anali ndi mfundo, inenso ndinali ndi yanga.

Koma bana Chanda sanabwere. Uthenga wa pa foni ndikanatha kutumiza, Tisa anali atandiphunzitsa, koma zina sizitumizidwa. Ndinayenda ndi maondo anga omwewa mpaka ku lesitilanti kwake, ndinakhala pa benchi, ndinati mlongo wanga, ndakusowa. Iye anangondipatsa madzi akumwa.

Patapita masiku ndinangoona munthu waima patsogolo pa tebulo, bana Chanda. Ndinayeza, analipira, foni inalira, ndipo anayamba kumanga pepala lake msangamsanga. Ndinamugwira dzanja, ndinatsegula pepalalo, ndinatapa m'beseni dzanja lodzaza.

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana foni.

"Manje iyi yavomela?"

"Ndaiphunzitsa," ndinatero.

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo mawa lake anabwera ndi anzake aja.

Choncho inu ana anga, mafoniwa agwireni ndi manja awiri, muwaphunzire kuposa ine, musaope sikelo, pakuti sinama. Koma munthu akaima pa tebulo lanu pepala lili lotsegula, maso ali kumbali, foni siimuona ayi. Muzimuona ndinu.