Anati Udokotala wa ku Malawi Sungandivute

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Amayi a chigwirizano, ndakuonani kumbuyoko. Amene simundidziwa, ndine Esnati, mwana wa a Phiri othyola tiyi, a kukomboni ya kumunsi kwa Samanga. Ndinachoka kuno ndili kamtsikana kouma miyendo. Lero ndabwera pa holide, ndipo abusa andipatsa mpata woti ndinene zimene Mulungu wandichitira.

Nditakhoza Fomu 6, ndinapeza malo awiri ophunzirira udokotala. Ena kuno ku Zimbabwe, ena ku Malawi. Bungwe lina la mpingo linati lindithandiza kulikonse kumene ndingasankhe. Koma linanenetsa kuti kubwereza kalasi ndi kamodzi kokha. Ndikagwa kawiri, basi ndibwerere kwathu.

Mukudziwa mmene timachitira kuno. Nkhani yaikulu sagamula munthu mmodzi. Lamulungu masana, akuluakulu a kukomboni anakhala pakhonde pathu. Sekuru Banda, gogo wathu amene amatsogolera pamaliro athu onse, ndiwo anayamba.

Anati, "Kuno ayi. Mwana wa kalaliki uja anapita, chaka chisanathe anabwerako. Kuno amagwetsa ana dala. Apite kumudzi, ku Malawi. Kumudzi sikungamuvute, chilankhulo ndi chake, anthu ndi ake."

Onse anavomera. Bambo anga nkhope inawala. Ine ndinali pamphasa, mumtima ndinakondwa, chifukwa ndani safuna njira yosavuta? Palibe anafunsa kuti kodi pakhondepo alipo amene analowapo m'kalasi ya udokotala. Sekuru Banda anachoka ku Malawi ali mnyamata. Bambo anga anabadwira pa esiteti pompano, malire sanawolokepo. Tinayeza kulimba kwa sukulu ndi chikondi chathu cha kumudzi.

Ndinapita, abale anga. Tsiku loyamba ndinangoti ndatsegula pakamwa, anzanga anati, "Iwe ndiwe wa ku Zimbabwe eti?" Kuno amanditcha Mmalawi, uko Mzimbabwe. Chinyanja changa chosakaniza ndi Chimanyika, chilankhulo cha kuno, chinkawaseketsa. Sankanyoza, koma ine manyazi anandigwira, ndinayamba kukhala ndekha.

Ndiye maphunzirowo. Zonse m'Chingerezi, mabuku olemera ngati dengu la tiyi wonyowa. Fupa lililonse dzina lake, mtsempha uliwonse dzina lake, ndi kumene ukuchokera, ndi kumene ukupita. Tinalowa m'chipinda cha mitembo yophunzirira, fungo la mankhwala linanditsekera chakudya sabata yonse. Zimene tinkaphunzira teremu yathunthu ku sekondale, uko zinkatha Lachisanu lisanafike.

Choopsa chinali ichi, ndipo ana a sukulu mundimvetse. Popeza kwathu onse anati nkosavuta, ine ndikavutika ndinkati chitsiru ndine. Sindinafunse mphunzitsi. Sindinafunse mnzanga. Amayi akaimba foni ndinkati zonse zili bwino. Ndinkawerenga ndekha, kulira ndekha, kupemphera ndekha.

Chaka chitatha, ndinagwa. Ndinagwa ndithu, osati pang'ono.

Ndinakhala pabedi, chikwama chili chotsegula. Ndinati bola ndichoke ndekha kusiyana ndi kudzagwa kachiwiri nkuthamangitsidwa. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati, "Ambuye, ngati si njira yanga, nditsekereni bwinobwino ndisavutike."

Ndikupinda zovala, analowa Tadala, mtsikana wa chaka chachitatu amene tinkapemphera naye. Tadala sanyengerera munthu. Anayang'ana chikwamacho nati, "Ukuthawa? Ine ndinabadwira mumzinda uno, amayi anga amakhala kuseri kwa msikawo, koma chaka choyamba ndinabwereza. Anakunamiza ndani kuti kuli sukulu ya udokotala yofewa? Thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse. Vuto lako umawerenga wekha ngati mfiti. Mawa ubwere ku gulu lathu."

Ndinakwiya naye, sindibisa. Koma zovala zija ndinasiya kupinda.

Chotsala chinali kuuza bambo. Ndinaimba foni. Ndinati, "Baba, ndagwa." Iwo anati, "Mwana wanga, Malawi ine ndimangomumva. Tinakutuma kumalo kumene sitikudziwa, nkukuuza kuti nkosavuta. Bwereza. Za anthu a kukomboni undisiyire ine."

Ndinabwereza. Sikunafewe, musamve molakwa. Mabuku anali omwewo, mayeso omwewo. Chinasintha nchakuti ndinasiya kubisa umbuli wanga. M'gulu muja tinkafunsana, kukangana, kusekana. Chinyanja changa ankachisekabe, ine ndinkaseka nawo. Chaka chimenecho ndinakhoza, ndipo kuchokera pamenepo sindinagwenso.

Makolo, mwana akamasankha yunivesite, khalani naye pakhonde monga mwa mwambo wathu, nzabwino. Koma pezani munthu amene akuphunzira komweko panopa, mumufunse. Amaphunzitsa bwanji? Wogwa amamuthandiza bwanji? Mwanayo akadwala kapena akasweka mtima, adzatsamira ndani? Ndipo musamuuze kuti nkosavuta. Muuzeni kuti nkolimba, ndipo akavutika anene.

Pano ndili chaka chomaliza. Ndimagwira ntchito m'mawodi, ndimaona odwala pamodzi ndi madokotala akuluakulu. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza bungwe limene linandipirira, ndikuthokoza inu amene munkandipempherera osadziwa kuti ndili m'dzenje.

Dzulo bambo anabwera kuchokera kumunda akutsokomola. Chifuwa chimenechi akhala nacho kuyambira nthawi yamvula, kukiliniki akukana. Ndinatulutsa chipangizo changa chomvera m'chifuwa, ndikudziwa kuti andikalipira. Koma anakhala pampando, navula malaya okha, nati, "Chabwino adokotala, ndipume bwanji?"

Lolemba tikupita limodzi kuchipatala. Avomera. Ambuye alemekezeke.