Mphuno yanga ndi pakamwa pa alamu anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kwathu kuno ku Fonte Boa ndi nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mayi wa ana anayi, mlimi wa nyemba ndi kachewere. Ndikufuna ndikuuzeni za mphuno yangayi, chifukwa yandizunza kokwana.

Inali nthawi ya dzinja pamene njinga yamoto imene ndinakwera pochokera ku Ulongwe inaterereka m'matope. Ndinagwa chafufumimba, nkhope n'kumenya mwala. Mphuno inaphwanyika moti ku chipatala cha ku Tete anachita kundipanga opaleshoni yoiumbanso. Opaleshoniyo sindifuna n'komwe kuikumbuka. Mankhwala ogonetsa aja sanandiyanje, ndinachedwa kutsitsimuka mpaka amuna anga anayamba kuimbira foni abale kuti akonzeke.

Bala linapola, koma pamwamba pa nsonga ya mphuno panatupa n'kuuma gwa ngati kambatata, ndipo mbali imodzi sindinkapuma bwino. A dotolo anati ndi mnofu wa chipsera umene ukukula mkati, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa siteroidi, wobaya pomwepo kuti pafewe n'kuphwa. Anandichenjezanso kuti jakisoni ameneyu sabaya mpaka kalekale, chifukwa akachuluka khungu limapyapyala n'kulowa mkati. Akalephera, chotsala ndi mpeni. Nditamva za mpeni ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti akandigonetsanso mwina sindidzadzuka.

Ulendo wa ku Tete mumaudziwa. Kunyamuka kukuzizira, kupanikizana mu minibasi zija timati shapa, kukafika kumoto kuja thukuta lili kamukamu, kenako kukubaya pamphuno misozi ili chuchuchu. Masiku oyamba pankaoneka ngati paphwa, koma posakhalitsa pankatupanso chimodzimodzi. Ndinatopa nazo, abale. Ndinatopa ndi mapepani a ku tchalitchi, ndinatopanso ndi anthu olankhula nane maso ali pamphuno. Kupemphera kwanga kunasanduka kukangana. Ndinkati, Ambuye, munandidzutsa pa tebulo la opaleshoni paja kuti mundibwezerenso pomwepo? Ngati ndi choncho bwezi mutangonditenga tsiku lomwe lija.

Munthu amene sanandisiye anali alamu anga, a Rozalina, alongo awo a amuna anga. Ndi mayi a mtima wabwino koma pakamwa pawo sipapuma, ndipo palibe matenda amene sawadziwa. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kansalu, n'kutereka madzi, n'kuyamba kundithowa. Ankadinikiza zolimba, amati magazi oipa abalalike. Ine ndinkangopirira. Kwathu kuno chotupa chilichonse timathowa, kaya ndi bondo kaya ndi chala, ndiye sindinaganizepo kuti imeneyi ndi nkhani yokauza dotolo.

Itakwana nthawi ya jakisoni amene a dotolo anati ndi womaliza, alamu anavala chitenje chawo chatsopano n'kunena kuti tipitira limodzi. Ndinawakaniza, koma ndani angawakanize? M'njira monse ndinkangopempha chinthu chimodzi, kuti Mulungu awatseke pakamwa asakandichititse manyazi.

Sanawatseke ayi. Tisanakhale n'komwe pansi anali atayamba kale.

"A dotolo, jakisoni wanuyu ndi madzi kapena? Ine m'mawa uliwonse ndimamuthowa mlamu wangayu ndi madzi otentha, kudinikiza mpaka zala kuwawa. Ntchito ndikugwira ndine, inu mukungomubaya mwana wa eni ake!"

A dotolo sankamva Chinyanja, ndiye anamwino ndi amene ankamasulira. Ine ndinangozyolika, kulakalaka pansi patatseguka. Koma anamwino atafika pa mawu a madzi otentha, a dotolo anaika jakisoni uja pa tebulo. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti, ndipo alamu anayankha monyada kuti kuyambira tsiku limene bandeji inachoka. A dotolo anagwira mutu. Anafotokoza kuti kutentha kumawonjezera kutupa, ndipo kudinikiza kumautsa chipsera chija. Zimene jakisoni ankafewetsa, ife kunyumba tinkaziumitsanso.

"Nanga bwanji simunanene, mayi?" anafunsa anamwino.

"Munandifunsa?" ndinayankha, ndipo mawu anga anamveka mpaka pakhonde.

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira a dotolo, ndinakwiyira miyezi yonse imene ndinasiya munda m'manja mwa ana. Anandibaya tsiku lomwelo, n'kundionetsa kamatidwe ka pulasitala pogona, n'kulamula kuti chala cha munthu chisafikenso pamphunopo. Pobwerera mu shapa alamu ankangoyang'ana pa windo. Titayandikira kwathu ndinaona kuti akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo mkwiyo wanga unayamba kutha.

Kudikira kwake sikunali kophweka. M'mawa uliwonse ndinkathamangira pa galasi, osaona kusintha, n'kuyambanso kunyinyirika. Koma pang'onopang'ono panayamba kufewa. Tsiku lina ndikukumba kachewere ndinangozindikira kuti pakamwa ndatseka, mpweya ukulowa mbali zonse ziwiri.

Nditabwerera ku Tete, a dotolo anagwiragwira pamphuno, n'kuyang'ana mkati ndi tochi, kenako anati palibe chodula. Ndinatuluka, ndinakhala pansi pakhonde pomwepo n'kulira mokweza anthu akuona.

Mphuno yanga sinabwerere mmene inalili. Inapendeka pang'ono, ndipo ndikapsa ndi dzuwa imafiira. Koma ndili moyo, ndikupuma, ana anga ali ndi mayi. Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa la mu shapa muja. Akanawatseka pakamwa alamu monga ndinapempha, tikanapitiriza kuthowa mpaka mpeni.

Inu amene mukudwala ndipo mankhwala akuoneka ngati sakugwira, musataye mtima, ndipo musasiye kupemphera ngakhale pempherolo litakhala lodandaula. Mukapita ku chipatala nenani zonse zimene mumachita kunyumba, ngakhale asanakufunseni. Alamu anga masiku ano amauza aliyense pa chitsime kuti anandichiritsa ndi iwo. Ine sindiwatsutsa, ndimangoti Amen.