Makina Olira m'Munda wa a Langton

A Langton, amene anakalamba akukiliya katundu wa eni kuti adutse pa boda ya Mwanza osagwirako khasu, anapuma ntchito ali ndi zinthu ziwiri: mimba, ndi makina ofufuzira zitsulo pansi amene anagula kwa dalaivala wina wa thiraki. Akazi awo a Esime anali ku Blantyre kosamalira mwana wawo amene anali atangochira, ndipo pochoka anasiya lamulo losapita m'mbali: pobwera Loweruka adzapeze munda wonse uli mizere, apo ayi makinawo akalowa m'chimbudzi.

Waganyu amene anatsala m'mudzi monse kwa Nthache anali mmodzi, a Yakobe, poti ena onse anali kuphiri kootcha makala. M'mawa umenewo a Yakobe anali atangogalauza mizere ingapo pamene anaona abwana awo akubwera, akuyendetsa chimbale cha makinawo uku ndi uku ngati akusesa pabwalo.

"Mwataya chiyani, bwana?"

"Palibe."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Chilichonse."

"Chilichonse chake chooneka bwanji? Mwina ndachiona."

"Simunachione, chili pansi. Iyi ndi hobi, a Yakobe. Ntchito yongosangalatsa mtima. Anthu otsogola akapuma pantchito amapanga zimenezi."

"Amakulipirani ndani?"

"Palibe."

"Ndiye si ntchito."

"Eya, si ntchito."

"Koma mwati ntchito."

"Inu limani!"

Apo makina aja anati tiii! A Langton anamwetulira mpaka mano a kumapeto. A Yakobe khasu linawapulumuka.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "makinawo ndikuwadziwa."

"Mungawadziwire kuti inu? Achokera ku Joni awa."

"Kuseri kwa Zobue, kutsidya kwa malire, kwa amayi anga. Nkhondo itatha kunabwera anthu ovala zipewa zamagalasi, akuyenda chonchi ngati inuyo. Amafuna mabomba okwirira. Makina akangolira, mudzi wonse umabwerera m'mbuyo."

Sankaseka ayi. Amalume awo anasiya mwendo m'munda wa chinangwa kumeneko, ndipo mantha amene anawagwira anali enieni. Munthu wanzeru akanangonena chilungamo, kuti chiyambire dzulo wakumba kuseri kwa nyumba konse ndipo wapeza msomali umodzi wadzimbiri. Koma a Langton anazolowera kukangana ndi akasitomu tsiku lonse pa katundu amene sanamuone n'komwe. Kugonja sankakudziwa.

"Awa si a mabomba. Ndi a chuma. Zinthu zakale."

"Zachitsulo?"

"Zachitsulo."

"Zokwiririka?"

"Eetu."

"Anakwirira ndani?"

"Ndidziwa bwanji? Apwitikizi, asilikali, anthu othawa nkhondo... Kunotu n'kumalire, a Yakobe. Mungapeze ndalama zakale, mabatani a yunifomu, ngakhale zipolopolo."

"Mayo ine!"

"Zakufa kale!"

"Mwazifunsa?"

A Langton anayenda phazi limodzi. Tiii! Lina. Tiii! Anatembenukira kumanzere, makina analira. Kumanja, analiranso. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe, ndipo m'maganizo anali atayamba kale kukonza mawu odzawauza a Esime Loweruka.

"Mwamva? Munda wonsewu ndi wodzaza!"

"Ndamva, bwana."

"Paliponse!"

"Mwina akungolira okha," anatero a Yakobe, ngati munthu wopempha chifundo. "Mwina ndi owonongeka."

"Owonongeka? Makina awa sanama, a Yakobe. Akalira, pali chinthu. Basi."

"Sanama?"

"Sanama ngakhale pang'ono!"

A Yakobe anagwedeza mutu. Kenako anayamba kubwerera chafutambuyo, akuponda mosamala m'mapazi awo omwe, mpaka anafika pachulu chapakona pa munda pamene panali mtengo wa manachesi. Anakwera pamwamba n'kukhala, mawondo ali kuchibwano.

"Mukupita kuti?"

"Ndafika."

"Mizereyi?"

"Ili pomwepo."

Apa m'pamene chimwemwe chija chinayamba kuwathera a Langton. Anayang'ana munda. Unali wautali kuposa mmene ankaudziwira. Anayang'ana kumapiri a ku Zobue, ndipo mitambo inali itayamba kuda. Anakumbukira nkhope ya a Esime, ndipo anachita mantha nawonso, a mtundu wina.

"A Yakobe, achimwene anga, tatsikani tikambirane."

"Ndikumva bwino kunoko."

"M'munda muno mulibe bomba. Mayi akhala akulima muno chilowereni m'banja."

"Ndi mwayi. Amalume analimanso wawo zaka zambiri."

"Kuno nkhondo sinafike!"

"Mwanena nokha kuti kuli zipolopolo."

"Ndimangokometsa nkhani!"

"Nanga makinawo akukometsanso?"

"Iwowa... nthawi zina amalakwitsa."

"Mwati sanama."

A Langton anapsa mtima n'kutsitsa makina aja pafupi ndi phazi lawo. Analira mosalekeza, tiiiiiii, ngati mwana wolumidwa ndi linthumbu.

"Mwaponda!" anakuwa a Yakobe, manja ali kumutu. "Musasunthe, bwana! Muli ndi mawu oti ndikawauze mayi?"

Ndipo, zochititsa manyazi kunena, a Langton sanasunthedi. Anaima njo, thukuta lili kamukamu, milomo ikunong'ona pemphero limene anali asanalinene chichokereni ku sande sukulu. Patapita kanthawi anasuntha makina pang'ono. Zii. Anawabweza kuphazi. Tiii! Anawapititsa kuphazi linalo. Tiii! Anayang'ana majombo awo akuluakulu a pa boda, aja okhala ndi chitsulo kuzala kuti katundu akagwa asaphwanye munthu. Chiyambire dzulo anali akufufuza mapazi awo omwe.

"Ndi majombo," anatero chapansipansi.

"Mwati?"

"Ndi majombo! Ali ndi chitsulo kutsogolo!"

Anawavula mwaukali n'kuwaponya uko. Anayendetsa makina padothi, ali opanda nsapato, akudumphadumpha poti nthaka inali itatentha kale.

"Mwamva? Zii! Palibe kanthu!"

"Afa."

"Sanafe!"

"Batire latha. Tsopano ndiye zoopsa, bwana. Poyamba amatiuzako."

A Langton anathamangira jombo limodzi n'kuikapo makina. Tiii!

"Mwaona? Ali moyo! Akulira chifukwa cha jombo!"

"Akalira pali chinthu."

"Chinthu chake ndi jomboli!"

"Nanga pansi pa jombopo mwaonapo?"

"A Yakobe!"

"Ine ndangofunsa."

A Langton anatola khasu lija. Linali lolemera kuposa mmene linkaonekera likakhala m'manja mwa ena. Anakankha jombo, natema pansi kamodzi, kawiri, mpaka dzenje.

"Dothi lokhalokha! Bwerani mudzaone!"

"Ndaona. Pamenepo palibe. Nanga apo?"

Anatemanso apo.

"Nanga patsogolopo?"

"Mukufuna ndikumbe munda wonse?"

"Ku Zobue amatero. Mwini makina ndi amene amatsogola. Akamaliza, anthu amalowa. Komatu musamangosiya maenje, bwana, mayi adzathyoka mwendo. Muzikokera dothilo mbali imodzi."

Anakokera dothilo mbali imodzi. Unali mzere.

Dzuwa litafika paliwombo, a Langton anali atavula shati, manja ali matuza okhaokha, msana ukuwawa ngati si wawo. Kumbuyo kwawo kunali mizere yoti munthu n'kuiloza. Makina aja anali atawapereka kuchulu kuti asapse ndi dzuwa, ndipo a Yakobe anawafungatira bwinobwino pamthunzi, akukupiza mphepo ndi chipewa.

A Langton anatsamira khasu, akupuma mwawefuwefu. Ukali unali utawathera. Chinatsala ndi kudandaula basi.

"A Yakobe, chonde. Mwaona ndi maso anu. Monse ndadutsamu mulibe kanthu."

"Zoona, bwana. Mmenemo ndakhulupirira."

"Ndiye tsikani mulime!"

"Ndilime pati?"

"Muno!"

"Mmenemo mwalima kale. Ndikalimenso chiyani?"

"Ndiye yambani uko kwatsalako!"

"Uko simunafikeko."

A Langton anayang'ana mbali yotsalayo. Kumapiri kunagunda bingu. Analavulira m'manja, nakweza khasu.

"Pitirizani, bwana, mukuchita bwino," anatero a Yakobe, akukhazikika pamthunzi. "Koma mzere mwangomalizawo wakhota. Muubwereze."