Uta wa Vayolini M'beseni

Mayi anali atawerama pa beseni kukhitchini, akutsuka ndi sopo uta wa vayolini umene mwana wawo wamkazi anausiya patebulo. Amuna awo, kalipentala wosamva nthabwala, analowa foni ili m'manja.

"Mayi a mwana, aimba foni a ku sekondale ya zoimbaimba ija. Malo amodzi apezeka. Akufuna mwana akayesedwe pamaso pa oweruza masana ano."

"Ambuye alemekezeke. Mwamuuza?"

"Ndamuuza. Akubwera kudzatenga vayolini." Anasuzumira m'beseni. "Nanga icho n'chiyani?"

"Ndi nsomba."

"Si nsomba. Ndi uta wa vayolini."

"Ndiye mumafunsiranji?"

"Mukuuchapiranji?"

"Unali mbuu ndi fumbi, kumata ngati wagwera mu shuga. Mwana wanga akaime pamaso pa anthu ophunzira ndi chinthu chauve?"

"Fumbilo amapaka dala. Ndi utomoni. Ndinamuona akupaka."

"Eya, ngati mmene inu mumapakira dala matope ku nsapato zanu."

"Ayi, matopewo amabwera okha."

Mayi anapuma mozama, napukuta utawo ndi thaulo. "Gwirani. Yesani mumve mmene chinthu choyera chimalilira."

Bambo anatenga vayolini patebulo, naiika pachibwano, nakoka uta. Panamveka kampweya chabe, ngati munthu akuuzira tiyi.

"Sikulira."

"Ikusunga mawu. Ngakhale wa kwaya sayankhulayankhula tsiku loimba."

"Vayolini ilibe pakhosi."

"Zikomo, aphunzitsi. Ndikanafa osadziwa."

"Komatu siyenera kukhala chete," anatero bambo akuitembenuza. "Ine ndaikonza m'mawa uno."

Thaulo linaima m'manja mwa mayi. "Mwaikonza."

"Ndinasuzumira pa kabowo aka, ndinaona kamtengo kataima m'kati. Amene anaipanga anaiwala kukachotsa. Ntchito yosamaliza sindigwirizana nayo. Ndakakola ndi waya." Anapisa m'thumba la malaya, nakaonetsa.

"Palinso china chimene mwatithandiza, bambo a mwana?"

"Tizikhomo tinayi tomangira nsamboti. Tinali titayang'ana uku ndi uku. Ndatiwongola, tonse tayang'ana kumodzi."

"Bwanji simunaikhomere miyendo, alendo akabwera azikhalira?"

Bambo anagogoda thabwa ndi chala. "N'lopyapyala. Silingapirire munthu."

"Ambuye, ndigwireni pakamwa." Mayi anakhala pampando. "Mwanayu chaka chonse wakhala akudzuka m'mamawa, kukadzitsekera m'bafa, n'kutchinga thaulo kunsi kwa chitseko kuti inu mugone bwino. Nsonga za zala zake zinauma gwa. Lero tsiku lake lafika, inu mwaizula mtima vayolini."

"Si mtima. Ndi kamtengo."

"Kabwezereni."

Bambo anakaponya pa kabowo, nagwedeza vayolini. M'kati munamveka gobede gobede.

"Kalowa, koma kagona."

"Kadzutseni."

"Ndikanakhala ndi guluu pafupi..."

"Mukangokhudza guluu, lero mukagona kogwirira ntchito kwanu."

"Kulibe bedi."

"Ndinu kalipentala. Mukakhoma."

Bambo anaganiza kanthawi, ngati akuyeza matabwa m'mutu. Kenako anaika vayolini pansi mosamala. "Ndiye kuti tonse talakwa."

"Tonse ndani? Ine ndachapa. Munamva kuti kuti kuchapa ndi tchimo?"

"Koma sukulira."

"Ukauma ulira."

"Ukapanda kulira?"

"Ndiye kuti ukudandaula kamtengo kanu. Mvetserani. Mwana akalowa, inu muime kutsogolo mupepese. Ine ndiima kumbuyo kwanu, kukuthandizani ndi pemphero."

"Ndiyambe ndi kamtengo kapena tizikhomo?"

"Yambani ndi tsiku limene munagula waya."

Geti inalira panja. Mawu a mwana anamveka pakhonde, akupuma wefuwefu.

"Amayi, musaikhudze vayolini ija ili patebulo. Yanga ndili nayo pano, koma ijayo ndi ya aphunzitsi anga. Anandibwereka yawo yabwino. Akhala nawo pakati pa oweruza, ndiye akufuna aimve ikulira m'manja mwanga."

M'khitchini mayi ndi bambo anayang'anana.

"N'chifukwa chake inali yofiirira kuposa masiku onse," ananong'oneza bambo.

"Munaona?"

"Simunandifunse."

Chitseko chinatseguka. Mwana analowa atavala yunifolomu imene anasita yekha, chikwama cha vayolini yake yakale chili kumsana, nkhope ikumwetulira. Bambo anaima kutsogolo monga anauzidwira, nakonza pakhosi. Mayi anayang'ana zala zouma zija, nayang'ana uta umene unkadonthezabe madzi pansi. Anawakoka malaya amuna awo, nawabweza kumbuyo.

"Mwanawe, undikhululukire ine choyamba," anatero mokweza. "Bambo akowa adikire, zawo n'zazitali."