Mkono Umene Sunayezedwe

Malemu mayi Towera Mpundu anabadwa pa 9 Novembala 1975 ku Matero mu Lusaka muno, m'banja la bambo Chabwera Kamanga, amene makolo awo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Ine ndikuwerengane ndine Rex, mlongo wawo wamng'ono. Mundikhululukire, chimene ndili nacho si chisoni chokha ayi, ndili ndi mantha.

Mu 1991, malemu ali ku sekondale, bambo athu anagwa pantchito m'fakitale ina ku Heavy Industrial, osadzukanso. Anali ndi zaka 49. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Kuyambira pamenepo malemu ankaopa matenda amenewa kuposa njoka.

Atamaliza maphunziro, mu 1997 analowa ntchito mu ofesi yoona za antchito pafakitale ina. Mu 1999 anamanga banja ndi ba Chilekwa Mpundu. Mu 2010 anasiya ntchito ija nayamba kuyenda m'makampani ndi m'matchalitchi kulangiza anthu kuti ntchito isawalande banja ndi thanzi. Mu 2014 analemba buku lakuti "Weruka Udakali Moyo". Mu 2016 achimwene athu a Mike nawonso anagwa osadzukanso, pasiteshoni ya minibasi, ali ndi zaka 46.

Ambiri pano mukudziwa kachitidwe kawo. Msonkhano sunkayamba asanayeze munthu aliyense ndi kamakina kawo ka BP, bwana ndi mlonda mzere umodzi. Kwathu ankalemba zotsatira m'kope, aliyense mzere wake. Ine ankandilondola mpaka ku Kalingalinga komwe ndimawotcherera zitsulo, n'kuima pageti: "Iwe Rex, leta mkono ndikuyeze!" Ine ndinkabisala kuseri kwa mafelemu a zitseko, bambo wamkuluwamkulu wandevu. Zaka naini ndakhala ndikuthawa.

Pa 6 Juni chaka chino, m'mawa, akuyeza anthu muholo ina ku Chawama, malemu anangoti khuu pansi, kamakina kali m'manja. Anawathamangitsira kuchipatala, koma mbali imodzi inali itafa kale. Anatisiya pa 9 Juni ali ndi zaka 49.

Dzana ba Chilekwa anatsegula kope lija. Mayina athu onse alimo. Mizere iwiri yokha ndiyo ilibe kanthu: wanga ndi wa malemu. Abale inu, munthu amene anayeza Lusaka yense sanaikepo mkono wake ngakhale kamodzi! Ba sisi ankaopa ngati ine, kungoti iwo ankabisala kuseri kwa ntchito. Mwa amene anatsogola m'nyumba ya a Kamanga palibe anafika zaka 50. Ine ndili ndi 48, ndipo mutu umandiwawa kunkhongo kuno chiyambire Epulo. Sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga akumvera pano.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Taonga ndi Nkole, ndi ine. Tikuthokoza ampingo, amayi amene aphika masiku atatu, ndi anzathu a ku Kalingalinga amene akhoma bokosi.

Tisananyamuke kupita kumanda, Taonga wakhala pakhomo la tenti ndi kamakina ka mayi ake. Sitikakamiza munthu. Ine ndikapinda pepalali ndikupita komweko, ndipo wina andigwire, ndingathawenso.

Ba sisi, simunapume muli moyo. Mzimu wanu uuse mumtendere. Mkono uja ndabwera nawo.