Nambala 58 pa chipewa

Basi inachedwanso ku Toledo kuno, ana anga ali okha kunyumba. Pa benchi mayi wina ankamanga nsapato za chimwamuna chachikulu, ndiye bambo wodutsa anaima.

"Mayi, awa si a Cleon Rasberry? Zaka khumi akugwetsa anzawo pa mpira wogundana uja. Angandisainire chipewachi?"

"Apatseni. Alembapo nambala ya pa malaya yokha, 58. Dzina linawathawa chaka chatha. Mutuwu unagundidwa mokwana."

"Pepani. Nanga inu ndinu ndani wawo?"

"Mkazi wawo, zaka makumi atatu. Dzulo ndikuwameta, anandifunsa mwaulemu ngati ndili pabanja."

"Munayankha bwanji?"

"Ndinati eya, ndinakwatiwa ndi wampira. Iwo akuti, 'Pepanitu mayi. Amenewo sakhala pakhomo.'"