Mbewu Zisanu Paphando Limodzi

Abale anga mwa Ambuye, ine ndine Laisoni wa konkuno ku Mtendere. Ambiri mumandidziwa ngati mdala wogulitsa repu pamsika. Koma kale khasu ndinkaliona ngati chitonzo.

Bambo anga anachokera ku Nyasalandi kudzagwira ntchito, ine n'kubadwira m'tauni. Ndinali mesenjala pa ofesi ina, wa tayi ndi njinga. Ntchito itatha, zaka zija za chipani chimodzi pamene tinkafola mizere ya ufa ndi sopo, tayi sindinavule. Ndinkapita nayo kutaveni. Mowa sunkandisowa, sindidziwa kuti zinkatheka bwanji. Chosowa chinali ufa.

Mkazi wanga, amake Tisa, anapirira mpaka anatopa. Anandiuza mosakweza mawu kuti chaka chimenecho m'nyumba mukapanda kulowa chakudya, atenga ana athu atatu kupita kumudzi kwa achimwene awo, ndipo sadzabweranso.

Nthawi imeneyo wailesi inkangoti anthu abwerere kumunda. Atcheyamani a chipani m'dera lathu ankalemba mayina a ofuna maphunziro a ulimi, ndipo aliyense wolembedwa ankapatsidwa kamunda kunja kwa komboni. Ine nditamva mawu oti kosi, monga ankatchulira maphunzirowo, ndinaganiza za setifiketi ndi ofesi. Ndinapita ndi bolopeni m'thumba. Anandipatsa khasu ndi chingwe.

Mlangizi wathu anali mayi wina wa Chibemba, a Mwansa. Ankaphunzitsa bwino, koma ine ndinkafika mowa wadzulo udakali m'mutu. Tsiku la phunziro la kabzalidwe ndinajomba. Ndiye ndinabzala mwanzeru zanga, mbewu zisanu paphando, kuti ina ikakana ina ivomere. Zinamera zonse. Munda wanga unabiriwira kuposa wa aliyense, mpaka ndinkaitana anzanga akutaveni kudzaona.

A Mwansa atafika anangogwira m'chiuno. "Ba Laisoni, ivi vimera vizadyana vokhavokha. Patulilani, musiye viwili chabe."

Ndinafunsa kuti kupatulira n'kutani. Anati n'kuzula. Kuzula chimanga chamoyo, ana anga ali ndi njala? Ndinaganiza kuti mwina Chinyanja chawasokoneza, kapena ndi nsanje basi. Ndinakana. Patapita milungu iwiri chimanga changa chinayamba kuonda ndi kuchita chikasu, cha anzanga a kumaphunziro chikunenepa. Amake Tisa anabwera, anayang'ana, n'kubwerera. Kunyumba ndinapeza atachapa zovala za ana n'kuzimanga m'chitenje.

Lamlungu ndinawatsatira kutchalitchi kuno. Sindinabwere kudzapemphera, ndinkaopa kuti angakwere basi ine osadziwa. Abusa analalikira kuti Mulungu akufuna anthu opatulidwa. Mutu unazungulira. Poyamba ndinati a Mwansa andinenera kwa abusa. Kenako mantha anandigwira. Ngati Mulungu nayenso amapatulira, m'nyumba mwanga mwa anthu asanu wozulidwa ndani? Wodya chakudya cha anzake osabereka kanthu ndinali ine.

Mapemphero atatha ndinakokera pambali mkulu wa mpingo, malemu a Tembo, n'kuwafunsa ngati Mulungu akufuna kundizula. Anayamba kuseka, koma anasiya ataona kuti ndikulira.

"Mwasokoneza mawu, ba Laisoni. Kupatulidwa si kutayiwa, ni kuikidwa pambali kuti munkhale wake. Chozula chiliko, koma si imwe."

Sindinamvetse zonse. Kunena zoona, mpaka lero mawu awiriwa amandisakanikira. Koma ndinagwada nawo kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndinauza Yesu kuti azule chimene akuchiona mwa ine, poti ine sindinkadziwa poyambira.

Lolemba ndinalawirira kumunda. Ndinazula phando ndi phando, mtima ukuwawa, chilaka cha mowa chikundivutitsa. Masana anzanga akutaveni aja anadutsa n'kumandiseka kuti ndapenga, ndikuwononga munda. Anandiitana kuti ndikazizitse kukhosi. Sindinawatsate. A Mwansa anati ndachedwa ndipo ndisayembekezere zambiri, komabe anandionetsa kathiridwe ka feteleza ndi kubandira. Sindinajombenso phunziro ngakhale limodzi.

Zokolola sizinali zodzitamandira nazo. Chimanga chambiri chinali ching'onoching'ono. Tsiku limene ndinafika nacho pakhomo pa wilibala, sindinkadziwa ngati chikwanira kuti mkazi wanga akhale. Anachitembenuza, anachisenda chimodzi, kenako anandifunsa ngati ndidzalimenso. Ndinati inde, ndiponso ndalembetsa maphunziro a dimba oyamba mwezi wotsatira.

Anabwezera chimanga chija pa wilibala. Kenako anati, "Mukanilembetse na ine. Dimba munthu mmodzi sangakwanise."

Ambuye alemekezeke. Ana anga anakulira pakhomo pa bambo awo, ndipo m'kamwa mwanga simunalowenso mowa.

M'bale wanga, mwina iwenso wakhala kumbuyoko ukuganiza kuti Mulungu watopa nawe. Usadikire kuti umvetse zonse. Ine ndinabwera ndili wosokonezeka, ndipo Yesu anandilandira choncho. Bwera kutsogolo kuno tigwade limodzi.